Mkazi Mnzanga Wakana Kulira

Lolemba, 9 Juni

Chisanu cholowa m'mafupa. Madzi a pampopi ngati singano m'zala.

Mkazi mnzanga wakana kulira. Ndikunena galimoto ya amuna anga, a Dalaivala, nkhalamba ya dizilo ija, imene akhala akuipukuta Loweruka lililonse ndi chikondi chimene msana wanga sunachilawepo. Ndapotoza kiyi, iyo gu-gu-gu, gu-gu-gu, kenako zii. Ndabwereza mpaka batire kufooka. Kumbuyo kautsi koyera ndi fungo la dizilo.

Mafizo, zolimbitsa ziwalo zawo kuchipatala, atidutsa. Koyamba chiyambire.

Iwo ndinawasiya kuchipinda atavala kale, juzi, sikafu, chipewa chaubweya, kuti ndiyambe ndatenthetsa galimoto asanatuluke. Nthawi yonse imene ndimalimbana ndi kiyi, amamenyetsa kapu pachitsulo cha bedi. Ngwe, ngwe, ngwe. Ndi liwu lawo limodzi lija, "Ayi! Ayi!" Chiwagwireni sitiroko mu Novembala, latsala ndi lomweli. Mumwa tiyi? Ayi, uku akutambasula dzanja. Mwakhuta? Ayi. Mumandikonda? Ayi. Munthu amene ankacheza ndi wogulitsa nyuzipepala mpaka chakudya kuzizira patebulo.

Ndinalowa nditapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti ndikuchita dala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Ndawavula nsapato mwakachetechete, manyazi atandigwira.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaitana makaniko wa pakona. Wabwera dzuwa lili paliwombo, ovololo yake yolekeza m'mawondo ngati anabwereka kwa mng'ono wake. Galimoto imeneyi sinagwidwepo ndi dzanja la makaniko. Mwini wake ankachita zonse yekha, ngakhale ana sankawalola kutsegula boneti.

Wangokhudza kiyi, iyo vuuu! Ngati yochokera kusitolo. Mkazi mnzangayu ndi wachinyengo, akangoona mwamuna amalira kamodzin'kamodzi.

"Mayi, galimotoyi ilibe vuto," anatero, akundiyang'ana ngati vutolo ndine.

Ndamuuza kuti imakana m'mawa mokha. Wapala mitu ya batire ndi burashi yawaya, panali zoyera ngati ufa, wamanga zolimba. Akuti batire likamva kuzizira limachita ulesi. Mwina n'zoona. Nanenso ndimatero.

A Dalaivala amaonera pawindo, nkhope ili gwa. Nsanje.

Lachinayi, 12 Juni

Yakananso.

Amayi a kuseri kwa mpanda anasuzumira ndi mswachi mkamwa, akuti ndithire madzi otentha pa injini. Ndathira ketulo yonse, ndanyowetsa masilipasi, palibe chachitika. Kuchipinda kapu ili ngwe, ngwe. Yadzalira yokha dzuwa litadumpha mpanda n'kugunda boneti. Tafika kuchipatala nthawi yathu itatsala nyenyeswa.

Mayi wa mafizo ndi wamfupi, manja ake ngati a womanga nyumba. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Odikira malo ano ndi ambiri, mayi. Mukajombanso kapena kuchedwa ndiwapatsa ena. Si nkhanza." Ndinangogwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Koma lero chala chachikulu cha dzanja lakufa lija chagwedera. Pang'ono chabe, ngati nyerere ikutembenuka. Ndachiona ndi maso angawa. Mayiyo akuti ino ndiye nthawi yake, tikalekeza pano dzanja liuma ndipo silibwereranso.

Madzulo foni ya Chisamba, mwana wathu woyamba. Mwana wabwino, koma amalankhula ngati akuwerenga chikalata cha kuofesi. Akuti ndigulitse chiphaphacho, abambo ake apite kwa iye, chipatala chili pafupi ndi nyumba yake. Nanga ine? Nyumbayo ndi yaing'ono, makina anga osokera alibe poima, makasitomala anga ali kuno. "Inu muzibwera kudzawaona, Amayi."

Kudzawaona. Mwamuna wanga, ine kumakamuona ngati wodwala wa ku mpingo.

Loweruka, 14 Juni

Makatani amene ndikusokera hotela ina ndamaliza theka. Ulusi wobiriwira watha, msana ukuwawa.

Ndayamba kumufunditsa mkazi mnzanga bulangete madzulo, lija la mizeremizere limene tinkayala kwa alendo. Ndinadziseka ndekha ndikulipinda m'mbali kuti mphepo isalowe. Zaka zonsezi kumunena, lero ndikumufunditsa ngati khanda. Ndayesa m'mawa uno, bulangete silinathandize.

Ndinakhala pa chiwongolero kanthawi, osachita kanthu. Mukadali fungo lawo mmenemo, polishi ndi maswiti a chifuwa. Ndinakumbukira ulendo wathu woyamba, tili pachibwenzi, mu lole ya kuntchito kwawo. Anakhala pampando, n'kuweramitsa mutu, chete. Ine mwana wa m'kwaya ndinatsinzina msangamsanga. Mumtima ndinati, mwamuna ndi uyu, sanyamuka asanapemphere. Patapita kanthawi ndinamva akupuma mwamphamvu, ine ndinati Ameni, iwo n'kuliza injini. Nditatsegula maso anali akumwetulira.

Zinakhala choncho moyo wonse. Lole, minibasi ya kampani, kenako iyi. Mutu pansi, ine kutsinzina, mpweya uja, Ameni wanga, injini. Ana akamakangana kumbuyo ndinkawatsina, tsinzinani, abambo anu akupemphera. Kutchalitchi ankapita chokokedwa, ulaliki usanafike pakati ali m'tulo, koma m'galimoto sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkawanyadira kwa amayi anzanga mpaka ena kutopa nane.

Inenso sindiphonya. Ndimakhala pampando, kutsinzina, kupemphera, Ameni, kenako kulowetsa kiyi ndi kupotoza mpaka kumapeto, monga anandiphunzitsira kusukulu yoyendetsa pa kagalimoto ka petulo kaja. Ndinaphunzira ndi imvi zangazi iwo ali m'chipatala, aphunzitsi akugwira mutu pakona iliyonse. Miyezi yonse yotentha inkalira bwinobwino. Nanga tsopano chalakwika n'chiyani? Kapena pemphero langa ndi lozizira.

Ndikuwasowa. Ali chipinda chinacho, koma ndikuwasowa.

Lolemba, 16 Juni

Sindinafune kuika malo athu pachiswe, ndinaitana takisi. Yameza phindu lonse la makatani, koma si chimene chandipweteka.

Woyendetsayo anali pachangu. Chikuku chawo anachiponya mubuti ngati mpando wothyoka. Iwo anawagwira m'khwapa, kuwakokera mkati ngati thumba la simenti, mwendo wakufa ukukwekwereza pansi, nsapato n'kuvuka. Njira yonse wailesi pamwamba, mabuleki adzidzidzi, magiya akukukuta. Ndinkaona nsagwada zawo zikulimba giya iliyonse ikalira. Munthu amene anayendetsa zaka zambirimbiri osagunda ngakhale nkhuku.

Tinafika nthawi yabwino. Koma pa mafizo anakana kuchita chilichonse. Dzanja lili lende, maso kudenga. Pobwerera ndinaona msozi ukutsikira mbali yakufa ija, kumene sangathe kuumva. Ndinaupukuta ndi nsonga ya sikafu ngati ndikukonza kolala.

Takisi ayi. Sindidzawachitanso zimenezi.

Lachiwiri, 17 Juni

Makaniko wabweranso, masana ngati kale. Batire analitenga kukalitchaja, labwera lamphamvu. Wamasula sefa ya mafuta, wandionetsa m'kabotolo, pansi timadzi, pamwamba dizilo. Akuti mwina ndi zimenezo. Waika yatsopano, wapopa ndi chala mpaka thovu kutha. Yalira, inde, koma masana imalira kale. Ndamuchonderera kuti abwere m'mawa kukuzizira adzaone yekha. Walumbira pa ana ake.

Chisamba waimbanso, ine manja ali mu sopo, ndinaika foni yomveka aliyense. Kulakwa kwanga. Akuti walankhula kale ndi mkazi wake, chipinda akonza. Lachinayi tikangotaya malo a mafizo, Loweruka akubwera kudzawatenga. "Sitingadalire galimoto imene imalira ikafuna, Amayi." Sakunama.

Nditacheuka, chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Amva zonse.

Chakudya chamadzulo akana. Ndawanyengerera, ndawaopseza, ndawaseka kuti aonda ngati chingwe cha nsapato. Ayi. Kenako anandigwira chovala ndi dzanja lamoyo lija, pampendero, osasiya. Ndinakhala pabedi mpaka mbale kuzizira pamiyendo. Ndikuopa.

Lachitatu, 18 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindikhulupirira kuti ndingaiwale.

M'mawa kuzizira koposa masiku onse. Makaniko osaoneka, ana ake aja awapepese. Ndinati ndiyese ndekha, ndidziwiretu za mawa. Pemphero, Ameni, kiyi. Gu-gu-gu. Gu-gu-gu. Kuchipinda kapu ngwe, ngwe, ngwe. Ndinayesanso. Kenako ndinazindikira kuti kapu yasiya.

Mtima unangoti phaa. Ndinathamanga, ndikuganiza kuti agwa.

Ndinawapeza mukhonde la m'nyumba, atatsamira khoma, ndodo kudzanja, phazi limodzi lopanda silipasi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chimenechi. Ayenda okha kuchokera pabedi! Chiyambire matendawa sanapondepo pansi popanda ine. Ndinafuna kuwabweza, anandikankha ndi phewa, akuloza panja ndi chibwano.

Ndinawakulunga bulangete la mkazi mnzanga lija, pang'onopang'ono mpaka pampando wakutsogolo. Atakhazikika anaweramitsa mutu. Ine, mwachizolowezi, ndinatsinzina. Ndinangomva mbama pabondo. "Ayi!" Ndinatsegula maso. Analoza diso lawo, n'kuloza kiyi.

Anandigwira pamkono. Ndinapotoza kamodzi, timagetsi ta pa dashibodi tinayaka. Ndimati ndipitirize, anandifinya mpaka kumva kuwawa. Ayi. Anandisiya pomwepo, pakati, n'kuika chala pakhutu lawo, mutu pansi. Tinakhala chete. Galu wa anansi akuuwa kutali. Mpweya wathu ukuchita nthunzi pagalasi. Kenako, mkati mwa boneti, kanthu kanangoti tha, pang'ono chabe, ngati batani la jekete likamatsekeka.

Anapuma mwamphamvu. Mpweya uja. Ndinaudziwa, tsitsi linandiima.

Ndinapotoza. Inatsokomola, inanjenjemera ngati ikufuna kugwetsa zitseko, utsi woyera bwalo lonse, koma inagwira. Inalira!

Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi munthuyu sankapemphera. Ankapotoza kiyi theka n'kumamvetsera kanthu kameneka. Ine sindinaonepo dzanja lawo pa kiyi chifukwa nthawi zonse ndinali nditatsinzina. Ndipo sabata yonseyi akhala akundikuwira pabedi kuti ndidikire, ine n'kumati ndi ukali wa matenda.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Kenako ndinakwiya, kukwiya kwenikweni. Ndinawalowetsa m'nyumba osawalankhula, tiyi ndinawaikira mwamphamvu mpaka kutayikira m'sosala.

Masana

Makaniko watulukira dzuwa litakwera, ndi nkhani ya apongozi odwala. Nditamufotokozera anadzimenya pachipumi. "Mahita, Mayi! Ine ndimayesa mukudziwa."

Akuti injini ya dizilo siyaka ndi moto wa pulagi ngati ya petulo, imafuna kutentha. Ndiye muli tizitsulo tinayi timene timafiira kiyi akafika pakati, kutenthetsa mkati. Kukatentha panja sitifunika kwenikweni, koma m'chisanu popanda ito injini imangozungulira chabe. Pa dashibodi pamayenera kuyaka kagetsi kooneka ngati waya wopotana, kakazima ndiye uziliza. Kathu kanapsa kalekale, mwini wake ankangogwiritsa khutu.

Za kunjenjemera ndi utsi woyera akuti si zabwino, ndiye kuti ena mwa mahitawo afa. Wamasula onse, waika pansanza, wayesa limodzilimodzi ndi waya pa batire. Awiri anafiira kunsonga ngati khala la moto. Awiri anangokhala akuda bii. Wapita kukagula, ndampatsa ndalama imene ndinasungira ulusi ndi magetsi. Za mawa zidziwika mawa.

Atabwerako, a Dalaivala ndinawakhazika pachikuku pafupi ndi boneti. Poyamba amangoyang'ana ngati wapolisi. Makaniko atamanga hita yoyamba mwamphamvu kwambiri, anamenya ndodo pansi, iye n'kubweza pang'ono, akuseka. Kufika yachiwiri anali akugwirizana ngati anakulira limodzi, wina akuloza, wina akumanga. Sipanala yaing'ono anamugwirira ndi iwo, pamiyendo. Sindinawaonepo maso akuwala chonchi chidwalireni.

Pomaliza makaniko anati aikenso kagetsi katsopano pa dashibodi kuti Mayi asamavutike. A Dalaivala anati, "Ayi." Ndipo ulendo uno ndikuganiza kuti amatanthauzadi ayi.

Madzulo

Ndimawapaka mafuta dzanja lakufa lija, chala chimodzichimodzi, monga anandiphunzitsira mayi wa mafizo. Mkwiyo unali usanathe. Ndinawauza zonse. Kuti anandinamiza tili pachibwenzi. Kuti ndinakwatiwa nawo chifukwa cha pemphero limene kulibe. Kuti ana anga ndinawatsina ulele. Kuti ndinadzitama kwa amayi a mpingo wonse za mwamuna amene amangomvetsera waya. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inkagwedera, amabisa kuseka, nkhalamba yopanda manyazi.

Kenako ndinafunsa chimene chimandiwawa kwenikweni. Ndiye maulendo onse aja, m'mvula, m'mapiri, ana ali kumbuyo, tsiku lija tinkathamangira kuchipatala ndi Chisamba atakomoka, tinkayenda opanda pemphero?

Anasiya kuseka. "Ayi." Anatambasula chala, n'kundigunda pachifuwa pang'onopang'ono, kawiri. N'kuchisiya pomwepo.

Zinanditengera kanthawi. Wopemphera anali ine. Iwo ankatenthetsa injini, ine ndinkapemphera, ndipo sankaliza mpaka atamva Ameni wanga. Ntchito tinagawana tsiku loyamba lomwe, kungoti mmodzi yekha ndiye ankadziwa.

Chakudya adya chonse, mpaka kupempha china ndi ayi wawo yemweyo.

Bulangete ndalibweza m'nyumba. Mkazi mnzanga agone choncho, tione ngati mankhwala agwira.

Lachinayi, 19 Juni

Ndikulemba pabenchi ya kuchipatala, kope pabondo. Tafika chitseko cha mafizo chisanatsegulidwe. Iwo ali mkati tsopano.

M'mawa galasi la galimoto linali loyera mbuu ndi chisanu, ndachita kupala ndi chivindikiro cha poto. Ulendo uno sindinawasiye kuchipinda. Ndinawalowetsa poyamba, kuwamanga lamba, chikuku kumbuyo, kenako ine.

Kiyi mpaka pakati. Timagetsi. Maso anga otsegula, koyamba m'moyo wanga wonse wa m'galimoto. Ndinaona zinthu zimene sindinazionepo nthawi ngati imeneyi, mbalame pawaya wa magetsi, mwana wa anansi akukoka chikwama cha sukulu. Ndinatchera khutu. Tha. Ndinakamva bwinobwino, ndekha, popanda wondiuza.

Ndinadikira mpweya uja. Sunabwere.

Ndinacheuka. Mutu wawo pansi monga kale, koma maso otsinzina, zikope zikunjenjemera. Milomo ikugwedera, mbali imodzi ikutsalira, ikulimbana ndi chinachake cholemera. Dzanja lamoyo litagwira lakufa pamiyendo.

Nthawi imapita. Mahita amazizira, ndimadziwa tsopano. Malo athu, Chisamba, Loweruka, zonse zinali m'mutu mwanga. Dzanja langa linali pa kiyi. Sindinapotoze. Iwo anandidikira zaka zonsezi, ine ndikanalephera bwanji m'mawa umodzi?

Kenako liwu linatuluka. Lokhota, lolemera, ngati mwala ukugubuduzidwa. "A... me... ni."

Ndinachita kubweza kiyi n'kuyambiranso, chifukwa mahita anali atazizira, ndiponso sindimaona kanthu ndi misozi. Tha. Kupotoza kamodzi kokha, iyo vuuu, osanjenjemera, utsi pang'ono. Iwo anasisita dashibodi, kenako bondo langa. Anayambira mkazi mnzanga, ndaona, koma lero ndakhululuka.

Foni ikulira m'chikwama, ndi Chisamba. Adikire pang'ono, ndimuuza zonse, ndipo ndimupepesa za kumutsina kuja.

Liwu limenelo linali langa chiyambire tili pachibwenzi. Lero andilanda. Alisunge.

Chitseko chatseguka, mayi wa mafizo akundikodola ndi manja onse awiri, akuti ndibwere msanga ndidzaone chala chawo chija.